Kampango ndi Chambo: Zaka Zanga m'Chipinda cha Magemu

Ana anga, Esitere, Yohane ndi iwe Maliya, mwakhala mukundiseka kuti bambo anu anakalambira pa zidole. Sindikukana. Koma poti tsopano ndapuma ndipo ndakhala pansi kuno ku Nkope maso akadaona, ndati ndilembe mmene zinayendera, kuti adzukulu akadzafunsa ntchito ya agogo awo musadzangoti ankaseweretsa anthu magemu n'kuthera pomwepo. Za ubwana wanga ndazisiya. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine.

Ku Boma, chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Mangochi Boma, m'sitolo ya Che Amini, kufupi ndi mlatho. Ankagulitsa mawailesi, makaseti ndi mabatire, ndipo kuseri kunali kachipinda kokonzeramo zowonongeka. Ndinapita ndi kalata yochokera kusukulu ya ntchito zamanja, nditavala malaya oyera a mlamu wanga. Che Amini kalatayo sanaiwerenge. Anandipatsa wailesi yakufa n'kunena kuti, "Ndikupita kumzikiti. Pobwera ndiipeze ikuyankhula." Atabwera anaipezadi ikuyankhula, ngakhale inkasasa mawu ngati munthu wa chimfine. Anamvetsera pang'ono n'kuti, "Mawa iyankhule bwino. Mufike seveni koloko." Ndi mmene ndinalembedwera ntchito.

Anali bwana wouma pa nkhani yosunga nthawi, koma wofewa pa zina zonse. Lachisanu masana sitolo inkatsekedwa, ndipo Lamlungu ankandithamangitsa okha. "Pitani kutchalitchi kwanu, ndisadzayankhe mlandu wanu kwa Mulungu," ankatero. Magetsi akathima tinkatenthetsa chowotcherera pa mbaula, iwo akukupiza makala ndi katoni, ine ndikuwotcherera. Ndinakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri. Ndi iwo amene anayamba kunditcha Che Injiniya, poyamba mondiseka, koma dzinalo linandikanirira mpaka lero.

Chaka chimene Maliya anayamba sukulu

Che Amini anamwalira m'mwezi wa Ramadani, ndipo sitolo inatsala m'manja mwa akazi awo, Abiti Saidi. Anthu pamsika ankati sipatha chaka isanatsekedwe. Sankadziwa kuti zaka zonse zija amene ankasankha katundu woti agulidwe anali mayiwo. Koma ine mtima unali m'mwamba pa chifukwa china. Mawailesi anali atatchipa moti munthu ikamufera ankangogula ina, ndipo kachipinda kanga kankatha masiku kopanda mlendo. Ndinkangodikira tsiku limene adzandiuze kuti basi.

M'malo mwake kunabwera Rashidi, mchimwene wawo wamng'ono wa Abiti Saidi, kuchokera ku Joni, atanyamula makatoni awiri. M'katoni imodzi munali makina akuda, mu ina makina oyera. Anawalumikiza ku TV, n'kundigwiritsa kanthu ka mabatani kamene anati ndi padi, ndipo ndinaona anthu ampira akuthamanga pa sikirini momvera zala zanga. Ndinadabwa, koma sindinkaganiza kuti zikundikhudza.

Patapita masiku atatu Abiti Saidi anandiitana. "Che Injiniya, ndapeza chipinda ku Monkey Bay, pafupi ndi doko. Mukatsegule."

"Mayi, ine wa ana atatu, imvi zayamba, ndikayang'anire zidole?"

"Mawailesi akufa akubwera angati pa sabata?"

Sabata imeneyo kunali kusanabwere ngakhale imodzi.

"Rashidi akubwerera ku Joni. Zinthuzi zikafa adzakonza ndani? Ndikufuna munthu wodziwa kutsegula chinthu osachiphwanya. Koma chimodzi, ana a yunifolomu asakalowe nthawi ya sukulu. Ndisadzamve."

Mayi anu anasamukira nanu kuno ku Nkope, ine ndinapitirira ku Monkey Bay. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kudzakuonani. Anthu akumudzi akandifunsa ndinkati ndikugwira ntchito ya zamagetsi, chifukwa manyazi anali asanathe.

Ku Monkey Bay, zaka zoyamba

Ndinkayembekeza ana, koma amene anadzaza chipinda anali amuna a ndevu. Alovi, asodzi aganyu a m'mabwato, akatsitsa usipa padoko m'mawa ankabwera mamba akadali m'manja. Kunkabweranso a kabaza, oitanira minibasi, ndi ogwira ntchito m'sitima tsiku limene yakocheza. Mayina achizungu a makina aja anawalephera, choncho akuda aja anawatcha Kampango, oyera aja Chambo. Mayinawa anakhazikika kwambiri moti patapita zaka Rashidi atatumiza Chambo chatsopano chimene chinabwera chakuda bii, palibe anachisintha dzina.

Sipanathe miyezi iwiri chipinda chinagawanika. Benchi ya kumanja inali ya a Kampango, ya kumanzere ya a Chambo, ndipo munthu akasintha benchi ankamukuwiza ngati phungu wosintha chipani. A Kampango mtsogoleri wawo anali Che Twaibu, siginala wotchuka, ndiye kuti munthu amene amatsogola ndi bwato la nyali kukaitana nsomba kuti ukonde waukulu wa chilimira udzazikute. Anali wamtali, wa mawu apansi, wosaseka wamba. A Chambo ankatsogoleredwa ndi a Nyirenda, wophika m'sitima, wa ku Nkhata Bay, wamfupi, wa pakamwa posatseka. Awiriwa akakumana, ngakhale amene anali pa padi ankaimitsa gemu kuti amvetsere.

"Chambo ndi nsomba ya m'hotela," ankatero Che Twaibu. "Ya alendo ongodutsa. Munthu wodziwa nyanja amadya kampango."

"Kampango wanuyo padi yake ndi yaing'ono ngati ya mwana," a Nyirenda ankayankha. "Gwirani ya Chambo mumve kuti mwagwira chinthu. Nanga zithunzi? Udzu wa m'bwalo la mpira pa Chambo umachita kuoneka kuti authirira lero."

"Inu mumabwera kudzaona udzu?"

Mpira unalipo pa makina onse awiri, ndipo ndi umene unkadzaza chipinda. Mkangano weniweni unali pa magemu amene ankapezeka mbali imodzi yokha. Chambo chinali ndi mpikisano wa magalimoto umene pa Kampango kunalibe. Kampango anali ndi gemu yaitali ya mlenje wofunafuna mng'ono wake amene anasowa m'mapiri, ndipo disiki yake pa Chambo sinkawerengeka. Tsiku lina mnyamata wa kabaza anandifunsa kuti, "Che Injiniya, bwanji eni akewo osangoika magemu onse pa makina onse, tileke kukangana?" Ndinaganiza n'kumuyankha kuti zili ngati eni zilimira. Zilimira zonse n'zofanana, mabwato n'chimodzimodzi, koma mwini chilimira akapeza siginala wabwino amamusunga kuti asapite kwa mnzake, chifukwa alovi onse abwino amatsatira siginalayo. Che Twaibu anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndiye mukuti ine ndine gemu ya abwana anga?"

"Ya mbali imodzi yokha, Che Twaibu."

Linali tsiku loyamba kuwaona akuseka mpaka kuoneka mano. A Nyirenda sanalole kuti zithere pomwepo. Anati eni makampani awiriwo mwina amadyera pamodzi kwawoko, akutiseka ife tikutukwanizana padoko chifukwa cha katundu wawo. Onse anavomera kuti n'zoona, kenako anapitiriza kutukwanizana. Ine sindinkalowa mbali, chifukwa wokonza makina akaonetsa kumene wapendekera, mbali inayo ikagonja imati wachita dala.

Chaka chimene mafuta anasowa

Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kukonza ndi zimene zilipo. Mapadi ankachokera ku Joni, ndipo Rashidi ankatha miyezi isanu osapeza munthu wodalirika womupatsira katundu. Alovi ali ndi zala zokokera zingwe, batani akalidina limalowa osabwerera. Timalabala ta pansi pa mabatani tikatha ndinkadula tina kuchokera ku patapata wakale. Madisiki okalika ndinkawapukuta ndi mankhwala otsukira mano, mwina awerengeke. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, makina ankazima okha, ndipo ndinkawakweza pa njerwa n'kuwalozetsa fani, anthu akutuluka thukuta pa benchi osadandaula. Ankati bola makina apume, ife tinazolowera.

Chaka chimenecho magetsi ankathima kuyambira m'mawa, ndipo jenereta inangokhala pakona chifukwa petulo kunalibe. Ndinaimbira Abiti Saidi kuti mwina titseke kaye. Anandifunsa kuti, "Anthu akubwera?" Ndinati akubwera, koma akungokhala pa benchi n'kumakangana. "Ndiye musatseke. Munthu akazolowera kupeza chitseko chotseka amaiwala njira." Sabata yotsatira anatumiza batire lalikulu la lole ndi invata yosinthira moto wake pa minibasi. Batirelo linkakwanitsa makina amodzi okha, choncho tinagwirizana kuti lero Kampango, mawa Chambo. Kwa nthawi yoyamba a Chambo anagwira padi ya Kampango, ndipo aliyense akagonja ankati ndi padiyo. A Nyirenda okha ndi amene anakana. Tsiku la Kampango ankakhala panja n'kumayankhulira pazenera.

Chaka chimene Yohane analemba mayeso a Fomu 4

Che Twaibu anagwa padoko m'mawa wina akutsika m'bwato. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anapulumuka, koma mkono wamanzere unafooka, mwendo ankaukoka, ndipo za panyanja zinathera pomwepo. Patapita miyezi itatu anatulukira pakhomo la chipinda atatsamira ndodo. Anthu anawapatsa malo awo akale, koma atagwira padi inawapulumuka n'kugwa pansi. Anadzuka kuti azipita, ine n'kuwagwira pamkono.

"Mubwere Lolemba, Che Twaibu."

"Kudzatani? Kudzaonerera?"

"Mungobwera."

Ndinatsegula padi yakale, n'kukoka mawaya kuchokera ku mabatani a kumanzere kupita ku maswitchi a belu amene ndinawakhomera pa thabwa, kuti azidina ndi phazi lamanja. Kandodo koyendetsera ndinakamatira chivindikiro cha botolo kuti azikakankha ndi chikhatho, poti zala sizinkamva. Padiyo ndinaimangirira pa kathebulo. Chinthucho chinali chonyansa kuchiona, koma chinagwira ntchito. Mpira unali wothamanga kwambiri kwa iwo, choncho anasankha gemu ya mlenje ija, imene munthu amayenda nayo pa liwiro lake.

Ankabwera masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene alovi apita kukagona ndipo chipinda chilibe anthu. Gemuyo inkayankhula Chingerezi, ine ndinali womasulira. "Wati chiyani?" ankafunsa. "Akuti mng'ono wake anadutsa pamudzi pano dzana." "Aa, dzana lomweli? Tiyeni, sali patali." Poyamba malo amodzi ankabwerezapo kakhumi, akutukwana phazi lawo m'Chiyao. Pang'ono ndi pang'ono chikhatho chija chinayamba kumvera, mpaka chala chachikulu chinayamba kugwedezeka. Adokotala atamva zimene akuchita anawauza kuti asasiye.

Tsiku lina, mlenje uja ataima m'mbali mwa mtsinje akuitana dzina la mng'ono wake, Che Twaibu anasiya padi. Anandiuza, maso ali pa sikirini, kuti nawonso anali ndi mng'ono wawo, dzina lake Imedi. Anapita panyanja ndi bwato lina tsiku la mphepo ya mwera, zaka zambiri zapitazo, ndipo bwato linapezeka koma iye ayi. Anafunafuna m'magombe onse mpaka tsidya lija kwa mwezi wathunthu. "Maliro opanda thupi satha, Che Injiniya," anatero. Kenako anati tipitirize.

Gemuyo anaimaliza patatha pafupifupi chaka. Koma mlenje sanampeze mng'ono wake. Anangopeza uta wake pa doko la mtsinje waukulu, kenako mawu analembedwa akuti nkhani idzapitirira. Che Twaibu anakwiya zedi. "Akuba awa! Munthu wayenda chaka chonse, akumupatsa uta?" A Nyirenda, amene nkhani za magemu ankaziwerenga pa foni, anatiuza kuti gawo lachiwiri likubwera, koma lidzangotuluka pa Kampango watsopano, wakaleyu ayi. "Ndi mmene amakudyerani a Kampango inu," anatero. "Amakukolani ndi nyambo, mbedza ili m'kati." Che Twaibu anangoti, "Insha Allah, tidzampeza."

Chaka chimene Esitere anakwatiwa

Makina athu onse anali atatopa. Kampango ankalira ngati chigayo, Chambo chinkazima pakati pa mpira anthu n'kuyamba kulimbana kuti amatsogola ndani. Abiti Saidi anandiitanitsa ku Boma. Anali atakalamba, akukhala pa mpando pakhomo la sitolo, koma mutu unali womwe uja.

"Rashidi wafufuza," anatero. "Zimene ndingakwanitse ndi izi, Chambo zitatu zogwiritsidwapo ntchito, kapena Kampango watsopano mmodzi. Zonse ziwiri sindingathe. Ine za zinthuzi sindidziwa. Musankhe inu, ndipo chimene munene ndichita."

Ndinapempha sabata. Ana anga, pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito, sabata imeneyo ndi imene inandilemera koposa. Monga mmisiri yankho ndinkalidziwa. Anthu anali atayamba kusewera pa mafoni awo, ndipo chimene chinkawabweretsabe kwa ife chinali mpira wa anthu awiriawiri pa sikirini yaikulu. Makina amodzi sakanakwanira chipinda chonse, anthu akanatopa ndi kudikira n'kusiya kubwera. Komanso Kampango watsopanoyo ankafuna intaneti pafupipafupi, ndipo netiweki ya padoko inali ya mwayi. Koma mayiwo anali atanena kuti chimene ndinene achita. Ndikanatha kunena kuti Kampango, ndikanapeza zifukwa zomveka, ndipo iwo sakanadziwa. Che Twaibu anali atamva kale kuti makina atsopano akubwera, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa kuti Rashidi wanena chiyani.

Loweruka ndinawafotokozera mayi anu zonse. Anamvetsera akusankha mpunga, kenako anandifunsa funso limodzi, "Mayi aja anakufunsani ngati mnzawo wa Che Twaibu, kapena ngati wantchito wawo?" Lolemba ndinaimba foni n'kunena kuti Chambo zitatu.

Sindinafune kuti Che Twaibu amve kwa ena, choncho ndinapita kunyumba kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mnansi ndi dzanja limodzi, mbali ina ataipana ndi chala cha kuphazi. Ndinawauza mosazungulira, ndi zifukwa zake zomwe.

"Anasankha ndi Abiti Saidi?"

"Ayi. Ndasankha ndine."

Anapitiriza kusoka kwa kanthawi. "Inu amene munandipangira thabwa lija?"

"Ine ndemwe."

"Chabwino. Muyende bwino, Che Injiniya."

Sanandiperekeze ngakhale ndi maso, ndipo m'chipinda sanabwerenso. Chambo zitatu zinafika, anthu anadzaza mpaka pakhomo, ndipo a Kampango ambiri anasamukira kumanzere mwakachetechete. Abiti Saidi anakondwa. A Nyirenda tsiku loyamba anavina pakati pa chipinda, tsiku lachiwiri anayankhula okha okha popanda wowatsutsa, ndipo pofika mwezi wotsatira anali atasiya kutamanda Chambo. Kenako tinamva kuti Che Twaibu asamukira ku Lungwena, kwawo kwa akazi awo.

Ku Lungwena, chaka chotsatira

Mu Disembala a Nyirenda, amene tsopano anali atapuma ntchito ya m'sitima, analowa m'chipinda m'mawa anthu asanafike, atasenza thumba la mpunga. Anatseka chitseko, n'kumasula thumbalo. M'kati, atakulungidwa m'chitenje, munali Kampango watsopano.

"Ndi wa mkamwini wanga wa ku Blantyre," ananong'ona. "Wapita ndi banja kumudzi, wandibwereka masabata awiri. Gemu ya mlenje ija ilimo kale, sifuna intaneti. Koma mukauza munthu kuti ine Nyirenda ndanyamula Kampango pamutu kuchokera ku Blantyre, ndidzakukanani pamaso pa anthu."

Ndinaimbira Abiti Saidi kupempha tchuthi, ndipo ndinawauza chifukwa chake chenicheni. Anandifunsa kuti, "Bwanji simunandiuze za bamboyo nthawi ija?" Ndinati ndinkaopa kuti asankha ndi chisoni. "Mwina ndikanatero," anatero. "Tengani TV yaing'ono ija ndi batire. Kuchipindako ndituma munthu." Masiku awiri ndinatha ndikulumikiza thabwa lija ku padi ina yotchipa yogwirizana ndi makinawo, chifukwa padi ya mkamwiniyo sindikanayerekeza kuitsegula.

Tinakwera minibasi mpaka ku Boma, n'kuwoloka mlatho, kenako matola, kenako njinga zitatu za kabaza, imodzi ya batire lokha. Njira yonse ndinkaganiza kuti atibweza. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango, ataonda, ndodo ili pambali. A Nyirenda anawalonjera mwaphokoso, ine ndinapereka moni wanga, ndipo anandiyankha mwaulemu wa mlendo. Kenako a Nyirenda anamasula thumba. Che Twaibu anayang'ana makinawo, n'kuyang'ana a Nyirenda.

"Inu mwagwira chimenechi ndi manja anu?"

"Ndasamba kale. Tiyeni, masiku ndi ochepa."

Kunyumbako kunalibe magetsi. Batire tinkakalitchaja pa sola ya mwini golosale wina, ndipo linkatipatsa maola atatu okha pa tsiku, chifukwa makina atsopanowo ankadya moto ngati ayironi. Tinkayamba akabwera ku swala, pemphero lawo la masana. Akazi awo anatiyalira mphasa m'chipinda cha mwana wawo, ndipo anthu a m'mudzi ankadzaza pakhonde kudzaonerera, amayi ena akufunsa kuti munthuyo walakwa chiyani kuti aziyenda yekha m'tchire chonchi. Ine ndinabwerera pa ntchito yanga yomasulira. Masiku awiri oyamba Che Twaibu ankafunsa kuti "Wati chiyani?" akuyang'ana kutsogolo. Tsiku lachitatu anaiwala n'kundigwira pabondo.

Koma dzanja lawo linali litabwerera m'mbuyo chifukwa cha chaka chokhala osasewera. Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinafika pamalo pamene mlenje ankayenera kuwoloka mtsinje wodzaza, akudumpha pa mitengo yoyandama, ndipo anagwera m'madzi mpaka batire linatha. Mawa lake chimodzimodzi. Tinali titatsala ndi tsiku limodzi, chifukwa a Nyirenda ankayenera kubweza makinawo mwini wake asanafike. Tsiku lomalizalo, atagweranso m'madzi kachitatu, Che Twaibu anatenga padi ya mkamwini ija n'kuwapatsa a Nyirenda.

"Ndiwolotseni."

"Ine? Ine Kampango sindigwira, mukudziwa."

"Zaka zonse zija munkawolotsa anthu pa sitima. Ndiwolotseni."

"Ine ndinkangophika," anatero a Nyirenda, koma padiyo anailandira. Anadandaula kuti ndi yaing'ono, kuti mabatani ali posayenera, anagwera m'madzi kanayi khonde lonse likuseka, ndipo kachisanu anawoloka. Atangoponda tsidya linalo anabweza padi. Che Twaibu anayendetsa mlenje uja pang'onopang'ono ndi chikhatho, kukwera kamtunda, mpaka pa kanyumba kamene panja pake panali munthu akuwaza nkhuni. Munthuyo anatembenuka n'kuyankhula.

"Wati chiyani?"

Nthawi zina pomasulira ndinkathirako mchere, koma apa ndinanena monga zinalili. "Akuti, achimwene, mwachedwa bwanji. Ndakhala ndikuyang'ana njira imeneyi."

Che Twaibu anakhala akuyang'ana mpaka mayina a opanga gemu anayamba kukwera pa sikirini, ndipo akazi awo anauza anthu pakhonde kuti azipita. Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi kofiya, n'kutembenukira kwa a Nyirenda.

"Pa Chambo zimenezi mulibe."

"Tilibe. Lero lokha ndavomera. Mawa ndikana."

M'mawa mwake titamanga katundu pa njinga, Che Twaibu anatenga ndodo n'kunena kuti atiperekeza. Akazi awo anawaletsa, poti chifikireni ku Lungwena anali asanayendepo kupitirira pa mjigo. Sanamve. Tinayenda pang'onopang'ono mu mchenga, a kabaza akukankha njinga patsogolo, mpaka kumsewu. Pamenepo anaima, akupuma mwamphamvu, n'kundigwira dzanja.

"Che Injiniya, mukanagula Kampango mmodzi uja, chipinda chikanatsekedwa mvula isanagwe. Ine ndinkadziwa tsiku lomwe lija. Koma munthu akakwiya amafuna pokwiyira, ndipo a ku kampaniko ali kutali. Amene munali pafupi ndinu."

A Nyirenda ndi amene anati, "Ndiye mukanakwiyira ine, ndinazolowera."

Chipinda chija ndinachiyendetsa zaka zina zinayi, mpaka mawondo atakana njinga ndipo Abiti Saidi anandilola kupuma. Ndimathokoza Mulungu kuti anandipatsa mabwana awiri amene sanandinyozepo, ndi ntchito imene ndinaiyamba ndi manyazi koma inakuphunzitsani nonse atatu. Che Twaibu anakhala zaka ziwiri titachoka ku Lungwena. Uthenga wa maliro unatipeza mochedwa, ndipo mmene ine ndi a Nyirenda tinkafika anali ataikidwa kale, monga mwa chipembedzo chawo. Akazi awo anatiuza kuti kuyambira tsiku limene anatiperekeza, m'mawa uliwonse ankayenda mpaka kumsewu n'kubwerera, ndipo miyezi yomaliza ankapita opanda ndodo.